Tisamainamizire mvula: za ngolo ya alamu anga ndi matenti a pasukulu

Ndakhala chete kwa masabata angapo chifukwa cha chipwirikiti chotsegulira chaka. Amene munalandirako ana a Fomu 1 mukudziwa kuti mwezi woyamba munthu umangokhalira kulozera ana kumene kuli chimbudzi ndi kuweruza milandu ya madesiki. Lero sindilemba za malipiro, ngakhale ndikudziwa kuti ena mwabwerera zomwezo. Ndilemba za kudontha. Sekani ndithu, koma mupirire nane, chifukwa nkhaniyi ikuyambira pakhomo panga kuno ku Kanjedza koma ikukathera m'chipinda chija cha kuseri kwa ofesi ya ahedi, chimene makiyi ake sadziwika bwino amene amasunga.

Alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, amagwira ntchito ku Johannesburg. Disembala wapitayu anatulukira ndi chinthu chimene ana a m'dera lathu anachiperekeza kuchokera kumsewu waukulu mpaka pageti. Ndi ngolo yogonamo yokokedwa ndi galimoto, yonga zija amayenda nazo alendo a ku South Africa akamabwera kunyanja. Amene munafikako ku Cape Maclear kapena ku Senga Bay munaziona zitaima pansi pa mitengo. Ikakhala yotseka imangooneka ngati bokosi la matayala awiri. Mukatukula chivundikiro, mbali ino kumatuluka thabwa lokhala ndi matiresi, mbali inayonso chimodzimodzi, ngati nkhuku yatambasula mapiko, kenako pamwamba pamakwera chinsalu chokhuthala chogwiriziridwa ndi timapaipi. Mphindi khumi zokha nyumba ya mabedi awiri yaima. Anaigula kwa munthu, yogwirapo kale ntchito, ndipo amainyadira kuposa galimoto imene imaikoka.

Tsiku lotsatira Khirisimasi tinanyamuka ulendo wa ku Mangochi kukaiyesa. Usiku woyamba tinagona ngati mafumu. Usiku wachiwiri kunagwa mvula, ndipo sinali mvula yoopsa ayi, inali mvula wamba ya Disembala. Cha m'ma 2 koloko mayi a kunyumba anandigwedeza. "Bambo, kodi tagona m'ngolo kapena m'nyanja?" Matiresi anali atamwa madzi kuyambira kumutu mpaka m'chiuno. Mbali inayo alamu anali atakhala tsonga, tochi ya foni m'manja, akuunika uku ndi uku. "Alamu, munthu uja wandibera. Wandigulitsa sefa." Tinamalizira usiku m'galimoto, udzudzu ukutiimbira.

Pobwerera ku Joni mu Januwale anaisiya pabwalo panga, poti kwawo ku Machinjiri alibe mpanda. Ndiye inu mukundidziwa, munthu wa Physics sangakhale ndi funso pakhomo n'kumangolidutsa. Loweruka lina ndinaitsegula, ndinalowetsa mphwanga mkati ndi choko, ine ndinatenga ndowa ndi kapu n'kuyamba kuthira madzi. Njira yake ndi iyi, ndipo imagwiranso ntchito padenga la nyumba: mumayambira pansi, kachigawo kamodzi, n'kudikira, kenako n'kukwera pang'onopang'ono. Mukayambira pamwamba madzi amayenderera paliponse ndipo simudziwa kuti alowera pati. Tinatha tsiku lonse. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti pachinsalu chonsecho sitinapeze bowo ngakhale limodzi, ngakhale long'ambika ngati la msomali. Komatu madzi amalowa.

Mlandu woyamba unali wa sopo. Alamu, pofuna kuti chinthu chawo chiwale, anauza mnyamata wina kuti achape chinsalu chonse ndi sopo waufa ndi bulashi ulendo usanayambe. Ana anga akale, mukukumbukira tsiku lija tinayandamitsa singano pamadzi m'mbale, kenako wina n'kudonthezamo sopo, singano n'kumira? Munalemba surface tension m'makope, ambiri munakhoza pamayeso, ndipo ndikukhulupirira kuti munaiwala tsiku lomwe munatuluka m'chipinda cha MANEB. Chinsalu cha tenti n'cholukidwa. Mukachiyang'anitsa padzuwa muona timipata tosawerengeka. Madzi sadutsa chifukwa dontho limadzigwira lokha, ndipo kufakitale amapakako mankhwala oti madzi azingobulungika n'kugubuduka monga amachitira patsamba la nthochi. Sopo amachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: amakokolola mankhwala aja, ndipo amene watsalira mu ulusi amafooketsa dontho kuti liphwasuke n'kulowerera. Ntchito ya sopo ndi imeneyo kumene, kuthandiza madzi kulowa m'nsalu. Tenti imachapidwa ndi madzi okha ndi bulashi yofewa. Mankhwala oyeretsera zovala aja timangowatcha Jik ndiye musayese n'komwe, amadya ulusi.

Wachiwiri unali wa matiresi. Amene anabwera ndi ngolo anali ataphwa, ndiye alamu anagula ena ku Limbe, onenepa bwino komanso otambalala kuposa thabwa. Matiresi aja amakankha chinsalu, pilo naye amatsamira pomwepo. Chinsalu chonyowa kunja mukachikhudza mkati, madzi amatsata chimene chakhudzacho, monga parafini amakwerera chingwe cha koloboyi. Usiku wonse pilo wa mayi a kunyumba ankayamwa mvula. Aliyense amene anagonako mutenti ali mwana anakalipiridwapo kuti asakhudze denga, koma owerengeka ndi amene anauzidwa chifukwa chake.

Wachitatu ndiunena motsitsa mawu, chifukwa wolakwa ndine. Kumapeto kwa chinsalu, pamene chimakumana ndi thabwa la bedi, pali mpendero umene umayenera kulendewera kunja, kuphimba m'mphepete mwa thabwa, kuti madzi ochokera pamwamba azigwera pansi. Ine ndi mwambo wanga wa kusukulu yogonera konko, ndinaona ngati mpenderowo ukulendewera mosalongosoka, ndiye ndinaupinda bwinobwino n'kuufunyira mkati, kunsi kwa matiresi, monga tinkayalira bedi a patironi asanayendere. Ndinakonza ngalande yabwino kwambiri yotengera madzi onse a padenga kupita pabedi. Mmisiri aliyense wokhoma malata amadziwa kuti lata la pamwamba limasanjikiza la pansi, osati la pansi kusanjikiza la pamwamba. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo ukawakumbira khwawa iwe mwini sakana.

Za misoko ndingodutsapo msanga. Paliponse pamene singano inaboola pali bowo, kaya telala anali katswiri chotani. Chinsalu cha thonje chili ndi ubwino woti ulusi ukanyowa umafufuma n'kutseka mabowo aja, n'chifukwa chake tenti yatsopano ya mtundu umenewu amainyowetsa ndi kuiumitsa kawiri kapena katatu asanagonemo. Yakale imafuna thandizo. Ine ndinagula phula la njuchi pamsika, ndinalikhutiza m'misoko yonse kunja kwake masana dzuwa likuswa mtengo, kuti lisungunukire mu ulusi. Kandulo nayenso amathandiza ngati phula lasowa. Pa lona la pulasitiki phula siligwira, pamafunika chigamba ndi guluu, ndipo kamatidwe kake n'chimodzimodzi kumata chubu cha njinga: pukutani, umitsani, pakani mbali zonse ziwiri, dikirani, ndipo ngodya za chigamba muzidule mozungulira kuti zisamatukuke. Kukoka zingwe nakonso n'kofunika. Denga la udzu la agogo athu ndi mipata yokhayokha, koma likafoleredwa motsetsereka bwino silidontha chifukwa madzi sapeza pokhala. Chinsalu chikakhwefuka chimapanga chithaphwi, ndipo chithaphwi chimalemera mpaka madzi adzikankhira mkati. Manambala aja amalemba pamatenti ena, 1,500 mm kapena 3,000 mm, amatanthauza kutalika kwa madzi amene angaime pamwamba pa nsalu isanayambe kudontha. Funso labwino la Fomu 3 limenelo, pamutu wa pressure.

Palinso madzi ena amene sachokera kumwamba. Tonse timadziwa mmene malata amachitira thukuta m'mawa wa Juni kapena Julayi, nthawi ya chiperoni, mpaka kudonthera pabulangete kunja kulibe mvula. Munthu wogona amatulutsa nthunzi popuma ndi pakhungu usiku wonse. Nthunziyo ikakumana ndi chinthu chozizira imasanduka madzi. Pabedi la ngolo yotereyi vutoli limakula chifukwa thabwa limalendewera panja, mphepo ikudutsa kunsi kwake, munthu wofunda ali pamwamba. M'mawa mukatukula matiresi mupeza kunsi kuli chinyezi ngakhale mu Ogasiti. Mankhwala ake si guluu, ndi mpweya: kusiya timazenera totsegula pang'ono, kuyala mphasa kapena timatabwa pakati pa thabwa ndi matiresi, ndi kuimika matiresi masana. Ndipo poti ndatchula kuzizira, chonde chonde, mbaula ya makala isalowe mutenti yotseka. Mpweya wake ulibe fungo, umapha anthu ali m'tulo.

Koma zonsezi n'zazing'ono poyerekeza ndi chimene ndinapeza nditatambasula makwinya a pakona. Munali mawanga akuda, fungo la chinyontho, ndipo nditakanda ndi chikhadabo ulusi unangoyoyoka. Nkhungu. M'mphepete mwa thabwa munali mutafufuma n'kuyamba kusendeka ngati anyezi. Labala yozungulira chivundikiro inali itauma ndi dzuwa n'kung'aluka, kotero ngakhale ngolo ili yotseka madzi amalowa n'kukhala momwemo. Vuto la bedi lopinda ndi limeneli: potseka, chinsalu chonyowa chimagonera pamatiresi, zonse n'kutsekeredwa m'bokosi lofunda lopanda mpweya. Thonje ndi chomera, ndipo nkhungu imadya zomera. Masiku owerengeka okha akwanira kuti iyambe. Sindikudzudzula munthu amene amapinda tenti yonyowa pothawa mvula, nafenso ku Mangochi tinatero. Cholakwa n'kufika kunyumba, kutopa, n'kunena kuti ndidzayanika mawa, mawalo n'kukhala Isitala.

Apa ndi pamene ndinasiya kuganiza za alamu n'kuyamba kuganiza za ife.

Pa 11 Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatera kachiwiri ku Mozambique, kufupi ndi Quelimane, ndipo masiku otsatirawo mvula yake inatikhuthukira ife. Kuno ku Kanjedza phiri la Soche timaliona tikangotuluka pakhomo, ndipo palibe amene waiwala matope ndi miyala imene inatsetserekera anthu a ku Chilobwe ndi ku Manje usiku. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo oposa 650,000 anasiya nyumba zawo. Boma linaimitsa maphunziro m'maboma ambiri a chigawo cha kummwera, ndipo makalasi athu anasanduka zipinda zogona. Mabanja anagona pamene timaimika bolodi. Itakwana nthawi yoti ana abwerere m'kalasi, njira inali matenti: kwina anthu anasamukira mumatenti kuti ana aphunzire, kwina ana ndiwo analowa mutenti chifukwa makalasi anali atagwa kapena kusasuka. Freddy sanali woyamba. Tinaona madzi osefukira a Januwale 2015, Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, ndipo pambuyo pake kunabweranso Chido mu Disembala 2024 ndi Jude mu Malichi 2025. Mphunzitsi amene akuganiza kuti sukulu yake sidzasandukanso msasa akudzinamiza.

Nanga matenti aja ali kuti? Pasukulu ina imene ndimaidziwa bwino, dzina sinditchula, ndinapempha makiyi a chipinda chosungiramo katundu. Anapezeka patatha masiku atatu. Mkati, kuseri kwa madesiki othyoka ndi mabuku a silabasi yakale, munali matenti atatu atawunjikidwa pasimenti. Fungo lake linali lomwe lija la ngolo ya alamu. Imodzi makoswe anali atamangamo mudzi. Ina chiswe chinali chitakwera kuchokera pamng'alu wa pansi n'kudya chikwama chake. Yachitatu inali yabwinoko, koma mapaipi ake ena anali atasanduka magoli a mpira. Zikhomo sindinapeze ngakhale chimodzi. Alonda anandiuza kuti anazitsitsa tsiku la mvula chifukwa kumabwera alendo ndipo bwalo limafunika kuoneka laukhondo.

Tsiku limene tidzazifunenso, tidzazitulutsa usiku, mvula ikugwa, amayi ndi makanda ataima pakhonde. Zikadzadontha tidzanena zimene ananena alamu: atipatsa zotha ntchito, atipatsa sefa. Tidzanenanso kuti mvula ya masiku ano njoopsa. Njoopsadi, sindikukana. Koma matenti amene ndinaona ine sanaonongedwe ndi namondwe. Anaonongeka chifukwa panalibe munthu mmodzi amene ankadziwa kuti kuwayanika ndi ntchito yake.

Ndikudziwa zimene mundiyankhe, chifukwa ena mwandiyankha kale mu sitafu. Mnzanga wina wa Chichewa anandiuza kuti, "Achimwene, ife tinalembedwa ntchito yophunzitsa. Tili ndi ana 90 m'kalasi, tikhalenso osoka matenti? Boma limange makalasi olimba, lisamutse anthu m'mphepete mwa phiri, nkhani ya matenti ithe." Akunena zoona, ndipo pamfundo yachiwiriyo ndili nawo limodzi. Tenti si nyumba ndipo si kalasi. Sinapangidwe kuti ikhale padzuwa zaka ndi zaka, ndipo ndimakwiya ndikaona ana akuphunzirabe mutenti yong'ambika patapita nthawi yaitali ngozi itadutsa, ngati kuti kupereka tenti ndiye kutha kwa udindo. Koma makalasi olimbawo sadzamangidwa Novembala asanafike. Pakati pa lero ndi tsiku limenelo pali usiku wina umene mwana wa Fomu 2 wa ku Ndirande kapena ku Bangwe adzagone pansi pa chinsalu chimene chili m'manja mwathu panopa. Ndipo ntchito imene ndikunena si ya chaka chonse. Ndi ya tsiku limodzi.

Komanso, kunena zoona, ndi phunziro limene timalipiridwa kale kuti tiphunzitse. Timadandaula tsiku ndi tsiku kuti tilibe zipangizo za mu labu. Tenti imodzi, ndowa ziwiri ndi kachidutswa ka sopo zikuphunzitsa surface tension, capillarity, pressure ndi condensation masana amodzi, ndipo mwana amene waona dontho likulowa pamene wakhudza ndi chala sadzafunanso kuloweza. A Geography abweretse nkhani ya anamondwe ndi kumene madzi amatsata pabwalo la sukulu, kuti tidziwiretu pamalo pokhoma ndi pokumba ngalande. A Agriculture akudziwa kale chifukwa chimene matumba a chimanga sitiika pasimenti, ndipo lamulo lake ndi lomwelo: pamatabwa, kutali ndi khoma, pouma, podutsa mpweya. Ine ndingawonjezereko kankhani ka Charles Macintosh wa ku Glasgow, kufupi ndi Blantyre wina uja amene anapatsa mzinda wathu dzina, amene mu 1823 anapeza njira yomatira labala pakati pa nsalu ziwiri kuti madzi asadutse. Ana amakonda kumva kuti jasi la mvula nalonso linachita kuganiziridwa ndi munthu.

Pempho langa kwa ahedi amene amawerenga mwakachetechete, ndikudziwa mulipo, ndi lakuti mu Okutobala, dzuwa lili pachimake, mutulutse chilichonse cha chinsalu chimene sukulu ili nacho. Chiimikidwe chonse, chithiridwe madzi, pamene padontha palembedwe ndi choko, paitanidwe telala kapena wosoka nsapato wa pamsika amene ali ndi singano yaikulu ndi ulusi wolimba. Mapaipi ndi zikhomo ziwerengedwe n'kulembedwa m'kaundula monga timachitira ndi mabuku. Ndipo pakhale dzina la mphunzitsi mmodzi, osati komiti. Komiti siyanika kanthu.

Inu ana anga akale amene muli m'mabungwe othandiza pangozi, ndipo ndikudziwa angapo muli kumeneko, mukamabweretsa matenti muzibweretsanso pepala limodzi la m'Chichewa lonena kachapidwe, kayanikidwe ndi kasungidwe kake, kuphatikizapo singano, ulusi ndi zigamba zingapo. Matenti amene ndinaona ine anali ndi malangizo a kaimikidwe okha. Za tsiku lotsitsa panalibe mawu, pamene tsiku limenelo ndi limene limaweruza ngati tenti idzagwirenso ntchito. Ndipo patapita chaka muzibweranso kudzafunsa kuti zili kuti. Ahedi akadziwa kuti wina adzafunsa, makiyi amapezeka msanga.

Kwathu tayamba. Ahedi avomera, ngakhale anandiyang'ana ngati ndapempha ndalama. Loweruka likubwerali 8 koloko m'mawa ana a kalabu ya zachilengedwe ndi a Fomu 3 adzakhala pabwalo, ndipo amene muli pafupi, ku Chiwembe, ku Zingwangwa kapena konkuno ku Kanjedza, bwerani ndi ndowa yanu. Ngolo ya alamu ndidzaikokera komweko kuti ana aone thabwa lofufuma lija ndisanalisinthe. Misoko ndinamata, labala ya chivundikiro ndinapeza ina kwa ogulitsa zipangizo za galimoto ku Limbe, matiresi ndinadula ndi mpeni wa buledi mpaka analowa bwino. Mvula yomaliza ya Epulo ndinagonamo ndekha pabwalo, agalu a aneba akundiuwa, ndipo ndinadzuka wouma.

Alamu anaimba foni sabata yatha kufunsa ngati ndapeza woigula. Ndinawauza kuti asafulumire, abwere Disembala tikayesenso ku Mangochi. Za sopo ndinawauza, za matiresi ndinawauzanso, ndipo anavomera kulakwa mwaulemu. Za mpendero uja ndinafunyira mkati sindinawauzebe. Amene mumacheza nawo pa Facebook, mundisiyire ndidzanene ndekha.